Nsomba za m'thanki zikadwala, yambani mwapima madzi

Anthu amene amaweta nsomba zokongoletsa nyumba m'mathanki agalasi amadziwa kuti matenda sacedwa kufalikira. Nsomba imene dzulo inali kusambira bwino ingapezeke m'mawa itaima pakona, ikukana cakudya, zipsepse zake zitayamba kunyenyeka. Mwini wake akaona zotere amathamangira mankhwala, koma mankhwala othira mopupuluma nthawi zambiri ndiwo amatsiriza nsomba zotsalazo.

Mabakiteriya amene amadwalitsa nsomba za m'madzi opanda mcere, monga Aeromonas ndi Flavobacterium columnare, amapezeka m'mathanki ambiri ngakhale pamene nsomba ziri bwino. Iwo amapeza mpata nsomba ikafooka cifukwa ca madzi oipa, kuthithikana, zakudya zoolera pansi kapena mabala obwera polumana. Zizindikiro zake ndi zironda zofiira pathupi, kuola kwa zipsepse ndi mcira, zoyera zonga thonje kukamwa, maso otupa, ndiponso mimba yofufuma mamba ali nyankhalala. Koma timadontho toyera tonga mcere tomwazika thupi lonse timabwera ndi kacirombo kena kochedwa Ichthyophthirius, ndipo mankhwala opha mabakiteriya sakapha ai.

Cinthu coyamba kucita ndico kupima madzi ndi zopimira zimene zimagulitsidwa m'masitolo a ziweto. Amoniya ndi nitrite, zimene zimacokera ku ndowe za nsomba, ziyenera kukhala pa 0. Zikapezeka, cotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a madziwo ndi kuthiramo ena ofunda mofanana ndi akalewo. Madzi a pampopi ayambe acotsedwa klorini, popeza amaononga ziwalo zopumira za nsomba. Bwerezani tsiku ndi tsiku kufikira madziwo atakhala bwino. Kawirikawiri zipsepse zimene zangoyamba kuola zimapola ndi zimenezi zokha.

Caciwiri, nsomba yodwalayo ipatulidwe m'kathanki kakekake kokhala ndi mpope wa mpweya. M'menemo mungathire mcere wamba, galamu 1 kufikira magalamu 3 pa lita imodzi, mutayamba mwausungunula, ndipo muonjezere pang'onopang'ono. Nsomba zopanda mamba, monga za mtundu wa mlamba, sizipirira mcere wambiri. Musakweze kutentha kwa madzi ngati mukukayikira mabakiteriya, pakuti Flavobacterium amaswana msanga m'madzi otentha.

Ngati zironda zikukulirakulira patapita masiku awiri kapena atatu, kapena nsomba zayamba kufa motsatizana, apo mpofunika dotolo wa ziweto. Iye ndiye angadziwe ngati pafunika maantibayotiki, mtundu wake ndi muyezo wake. Muno m'Zambia mankhwala otere amayang'aniridwa ndi bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority, ndipo si ogula mwacisawawa. Kuthira makapisozi a anthu m'thanki kumapha mabakiteriya abwino a m'sefa amene amacotsa amoniya, motero madzi amaipiraipira. Kumacititsanso kuti tizirombo tizolowere mankhwala, bvuto limene limakhudza ndi anthu omwe.

Mtundu wa madzi nawo uli ndi mbali yake. Mankhwala a oxytetracycline amacepa mphamvu m'madzi okhala ndi laimu wambiri, monga a m'zitsime zambiri za mu Lusaka, ndiponso amene amafunika ku nsomba zocokera ku nyanja ya Tanganyika. Cifukwa cake, ngati nsomba ikali kudya, mankhwala osakaniza m'cakudya amagwira bwino kuposa othira m'madzi. Makala a m'sefa acotsedwe pa nthawiyi cifukwa amayamwa mankhwala, ndipo masiku onse amene dotolo wanena atsirizidwe ngakhale nsomba itaoneka kuti yacira.

Woweta adzisamalenso yekha. Mabakiteriya a Mycobacterium marinum amalowa pabala la m'manja ndi kuyambitsa zotupa zocedwa kupola. Bvalani magolovesi, sambani m'manja ndi sopo, ndipo mukaona cotupa cotere uzani a kucipatala kuti mumaweta nsomba.

Nsomba yakufa ikwiriridwe pansi, ndipo yodwala isatayidwe mumtsinje kapena m'damu. Asodzi a ku Western Province akumbukira matenda a zironda ochedwa EUS amene anagwira nsomba za mumtsinje wa Zambezi m'caka ca 2007. Matendawo sanali a mabakiteriya, koma anasonyeza kubvuta kwa kuletsa matenda akangolowa m'madzi oyenda.

Pomaliza, nsomba yatsopano iriyonse ikhale payokha milungu inai isanasakanizidwe ndi zinzake, ndipo ukonde wogwirira nsomba yodwala usalowe m'thanki ina usanatsukidwe ndi kuumitsidwa.