Kodi Nyumba ya Malamulo Ingatsekere Munthu M'ndende?

Lero tikamba za mphamvu imene aphungu ali nayo pa munthu amene wawanyoza.

Gawo 60 la malamulo aakulu a dziko lino, a chaka cha 1994, limalola Nyumba ya Malamulo ndi makomiti ake kuitana munthu aliyense kudzapereka umboni. Wokana kubwera popanda chifukwa chomveka amayesedwa kuti wanyoza Nyumbayo. Mphamvu imeneyi njofunika, pakuti popanda iyo mkulu wa boma amene wasakaza ndalama za chipatala akhoza kungong'amba kalata yomuitana. Koma kodi aphungu okhawo angamuweruze ndi kumutumiza kundende?

Anansi athu a ku Zambia anakumana nalo funsoli mu 1996. Wachiwiri kwa Pulezidenti, a Godfrey Miyanda, anadzudzula m'Nyumba ya Malamulo chigamulo cha Khoti la Suprimu chokhudza ufulu wochititsa misonkhano. Olemba atatu a nyuzipepala ya The Post, a Fred M'membe, a Bright Mwape ndi mayi Lucy Sichone, analemba zotsutsa mawu a Miyanda. M'mwezi wa February Sipikala, a Robinson Nabulyato, analengeza kuti atatuwo anyoza Nyumba, ndipo atsekeredwe kufikira atapepesa. Tsiku lotuluka silinatchulidwe, ndiponso eni akewo sanaitanidwe kuti adziyankhire.

Onse anabisala. Kenaka a M'membe ndi a Mwape anadzipereka okha, nakhala m'ndende masabata oposa atatu. Kumapeto kwa March woweruza wa Khoti Lalikulu, a Kabazo Chanda, analamula kuti atulutsidwe.

Taganizani, omvera: wodandaula anali Nyumba, wozenga mlandu Nyumba, woweruza Nyumba yomweyo. Ngakhale kumudzi, mfumu ikanyozedwa siiweruza yokha mlanduwo. Imausiyira akuluakulu ena. Fisi sakhala nkhoswe pa mlandu wa mbuzi.

Maiko ena anaimanga mphamvuyi ndi chingwe chachifupi. Ku Britain, kumene tinatengera mwambo wa Nyumba ya Malamulo, aphungu anatsekera munthu komaliza mu 1880. Ku Australia anatsekera anthu awiri miyezi itatu mu 1955 chifukwa cha nkhani za m'nyuzipepala, koma mu 1987 anakonza lamulo lakuti chilango chisapitirire miyezi 6, ndiponso kuti mawu onyoza phungu olembedwa kunja kwa Nyumba asakhalenso mlandu wotere.

Inu a ku Malindi simufunika kuuzidwa kuwawa kwa ndende yopanda mlandu. Pambuyo pa February 1965, pamene a Henry Chipembere ndi anthu awo anaukira boma la Fort Johnston, ambiri a m'derali anatsekeredwa osaonekera pamaso pa woweruza. Anawatsekera ndi boma, osati aphungu, koma kwa mayi wodikira mwamuna wake pakhomo kusiyanako kunalibe tanthauzo.

Ndicho chifukwa chake Gawo 42 limanena kuti womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, auzidwe mlandu wake, ndipo aloledwe kukhala ndi loya. Ife tikuona kuti msodzi wa ku Makanjira akakana kuyankha komiti ya aphungu, Nyumba ili ndi ufulu wodandaula, koma womva mbali zonse ziwiri ndi kugamula za ndende akhale woweruza wa kukhoti.