Kuona Ngalawa za ku Nacala Uli ku Chikweo

Munthu wobadwira ku Chikweo, amene madzi aakulu omwe maso ake anawazolowera ndi a nyanja ya Chiuta, kumene asodzi amapalasa mabwato pakati pa bango kusaka makumba ndi matemba, angathe kuzizwa atauzidwa kuti thumba la feteleza limene amalidikira mvula ikayandikira, mafuta amene wakabaza amathira m'njinga yamoto, ndiponso tirigu wa buledi amene amagula pa Ntaja, zambiri mwa izi zinayamba zayandama masabata ambiri pa nyanja yamchere zisanaponde nthaka ya Malawi. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yotere, motero chimene chichitika pa madoko a Nacala, Beira ndi Dar es Salaam chimafika m'matumba mwathu, tifune tisafune.

Makolo a Chiyao a dera lino sanali alendo ku gombe: ankayenda pansi miyezi yathunthu kunka ku Kilwa ndi ku chilumba cha Mozambique atasenza minyanga, ndipo, tinene mwachisoni, atatsogoza anthu ogwidwa ukapolo; mbiri ya ngalawa inkabwera ndi mapazi a omwewo. M'chaka cha 1970 inatsegulidwa njanji yochokera pa Nkaya m'boma la Balaka, kudzera pa Liwonde mpaka pa Nayuchi, kumene imalowa m'dziko la Mozambique n'kuyenda makilomita oposa 600 kukafika ku Nacala. Akuluakulu akukumbukira mmene nkhondo ya m'dzikomo inatsekera njira imeneyi m'zaka za m'ma 1980, katundu wathu n'kumazungulira ku Durban pa mtengo wolemetsa, kufikira mtendere unadza mu 1992. Mu Okutobala 2023 atsogoleri a Mozambique, Malawi ndi Zambia anasonkhana ku Nacala kutsegulira doko lokonzedwanso ndi ngongole yochokera ku Japan.

Tsono doko lalikulu sililowedwa chilowelowe. Monga momwe sitima ya pamtunda siingachoke pa Nkaya popanda chilolezo cha woyang'anira njanji, momwemonso madoko ambiri ali ndi nyumba ya alonda a pamadzi, amene usana ndi usiku amapenyetsetsa radar, namalankhula ndi amalinyero pa wailesi, kuuza uyu kuti aponye nangula adikire, uyo kuti alowe, wina kuti achenjere ndi mchenga kapena namondwe. Ntchito imeneyi amaitchula mwachidule kuti VTS, ndipo inayamba nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, pamene doko la Liverpool linaika radar yake mu 1948. Malamulo a doko lililonse, kunena nambala ya wailesi yoitanira, malo amene ngalawa iyenera kudzitchula dzina, ndi pamene woperekeza wa doko amakwerera kuti ailowetse, analembedwa m'mabuku a amalinyero, monga gawo lachisanu ndi chimodzi la Admiralty List of Radio Signals la ku Britain, amene lero amawerengedwanso pa kompyuta. Kufunika kwake kumaoneka bwino ku Beira, kumene njira yolowera ndi yosaya, yofuna kukumbidwa kawirikawiri, kotero kuti ngalawa yolemedwa imadikira madzi akwere. Nacala anadalitsidwa ndi madzi akuya mwachilengedwe.

Koma chimene chatsegula maso a ife anthu wamba ndicho kachipangizo kotchedwa AIS. Kuyambira kumapeto kwa 2004, pangano la mayiko loteteza miyoyo panyanja limalamula kuti ngalawa iliyonse ya matani 300 kapena kuposerapo yoyenda pakati pa mayiko ikhale nako. Ndipo kameneka, popanda munthu kukakhudza, kamalengeza pa wailesi pamene ngalawayo ili, kumene yaloza ndi liwiro lake, masekondi angapo alionse ikamayenda, mphindi zitatu zilizonse ikaima pa nangula. Cholinga chake chinali chakuti ngalawa zisagundane usiku kapena mu nkhungu. Koma popeza mawu a wailesi amamvedwa ndi yense wotchera khutu, anthu anayamba kuwatola ndi kuwaika pa mapu a pa intaneti. MarineTraffic, imene inayambira pa yunivesite ina ya ku Greece mu 2007, ndi VesselFinder ndizo zodziwika kwambiri.

Tiyerekeze kuti muli pa Balaka, mwaitanitsa zitsulo za chigayo, kapena gulu lanu la alimi lagulitsa nandolo wopita ku India. Funsani amene akukuyendetserani katundu dzina la ngalawa, makamaka nambala yake ya IMO, ya manambala asanu ndi awiri, imene siisintha ngakhale ngalawayo itagulitsidwa n'kupatsidwa dzina lina; pajatu safunsa anadya phula. Mukailemba pa foni pa mapu a pa intaneti aja, mudzaona kachizindikiro kosongoka pa mapu: pa MarineTraffic kobiriwira ndi ngalawa ya katundu, kofiira ndi ya mafuta. Pambali pake padzalembedwa mawu a Chingerezi ofunika kuwadziwa atatu okha: Underway, ndiko kuti ili paulendo, At anchor, yafika koma ikudikira kunja kwa doko, Moored, yamangidwa pa gombe ndipo katundu angathe kutsitsidwa. Mukalemba dzina la doko, Nacala kapena Beira, mudzaona ngalawa zimene zili m'katimo ndi zimene zikuyembekezeka, ndipo mukapeza tizizindikiro tambiri titaunjikana kunja, dziwani kuti pali mzere, konzekerani kuchedwa.

Pano ndiye pofunika kudekha, chifukwa mapu amenewa sanena zonse. Tsiku lofikira limene amaonetsa limalembedwa ndi dzanja la mmalinyero, amene angathe kuiwala kulikonza. Ngalawa ikatalikira gombe, mawailesi a pamtunda saimvanso, ndipo malo amene mukuona mwaulere angakhale a dzana; zochokera ku setilaiti kawirikawiri zimafuna ndalama. Kontena yanu ingathenso kutsitsidwa pa doko lina kuti ikwere ngalawa yaing'ono, n'chifukwa chake ndi bwino kulondola nambala ya kontenayo, ya zilembo zinayi ndi manambala asanu ndi awiri, pa tsamba la kampani yonyamula. Ndipo koposa zonse, kufika kwa ngalawa sindiko kufika kwa katundu: patsala kutsitsa, mapepala a msonkho, mabogi a sitima kapena magalimoto, ndi chipata cha pa Nayuchi kapena pa Chiponde. Pamene namondwe Idai anakantha Beira mu Malichi 2019, misewu yotuluka mumzindamo inaduka, ndipo palibe mapu a ngalawa amene akanauza munthu tsiku limene thumba lake lidzafike.

Ngakhale zili tero, ine ndiona kuti chidziwitso ichi n'chamtengo wapatali kwa anthu a kumudzi, amene nthawi zambiri amauzidwa kuti katundu ali pamadzi, osapatsidwa njira yotsimikizira mawuwo. Wamalonda woona sadzakana kutchula dzina la ngalawa. Wokana, mumuyang'anitsitse musanatulutse ndalama ina. Inu aphunzitsi a ku Chikweo, ndi inu alembi a magulu a alimi a ku Machinga ndi Balaka, amene muli ndi foni yolowa pa intaneti, tsegulani mapu a doko la Nacala pamaso pa ana asukulu ndi pamaso pa mamembala anu, muwaonetse ngalawa imodzi, ndipo muilondole nawo kufikira itamangidwa pa gombe.