NKOLOKO ZA PANSI PA NYANJA ZAFIKA M'MAKOMBONI A LUSAKA

Dziko la Zambia lilibe nyanja yamcere, komabe munthu woyenda m'misika ya ku Matero, Chawama kapena Kanyama adzaona nkoloko zazikulu za pamkono, zokhala ndi mphete ya manambala kuzungulira galasi, zolembedwa maina monga Rolex, Omega ndi Seiko. Nkoloko za mtundu umenewu zinapangidwira akatswiri ogwira nchito pansi pa madzi. Mlendo wocokera kumudzi ali ndi ndalama za cimanga kapena fodya m'thumba ayenera kudziwa mbiri yake asanatulutse ngwee.

Munthu wolowa pansi pa nyanja amanyamula mpweya wopuma m'botolo lacitsulo kumsana. Mpweyawo ukamthera asanatuluke, ndiye kuti imfa yafika. Motero m'caka ca 1953 kampani ya Blancpain ya ku Switzerland inapanga nkoloko yochedwa Fifty Fathoms, ndipo kampani ya Rolex inapanga inzake yochedwa Submariner. Kampani ya Seiko ya ku Japan inatulutsa yake yoyamba mu 1965, yotha kupirira kuya kwa mamita 150.

Mphete ya manambala ija siyokongoletsa cabe ai. Mwini wake amaitembenuza polowa m'madzi kuti imuwerengere mphindi zimene wakhala pansi. Pa nkoloko za masiku ano mpheteyo imazungulira mbali imodzi yokha, kotero kuti ikagundidwa mwangozi imaonetsa nthawi yoculukirapo, ndipo munthu amatuluka msanga m'malo mocedwa. M'kati muli timphira totseka mipata yonse, pamene mivi yake imawala mumdima. Muyeso wa maiko onse wochedwa ISO 6425 umafuna kuti nkoloko yotere ipirire kuya kosacepera mamita 100.

Kuchuka kwake kunakula mu 1960, pamene Jacques Piccard ndi Don Walsh anatsikira kumalo ozama koposa onse m'nyanja ya Pacific, pafupifupi makilomita 11, m'combo cochedwa Trieste. Kunja kwa comboco anamangirirako nkoloko ya Rolex yoyesera, ndipo inabwerako ikuyendabe. Mu 1962 Sean Connery anavala Submariner m'kanema wa James Bond, ndipo kucokera pamenepo ngakhale anthu osadziwa kusambira anayamba kuikhumbira.

Lero akatswiri ambiri a m'madzi amadalira timakompyuta ta pamkono, koma mtengo wa nkolokozi ukadali wokwera. Ogula ake ndi anthu olemera amene amazisonkhanitsa monga momwe mlimi amasungira ng'ombe m'khola. Submariner yatsopano imaposa madola 9,000 a ku America, ndipo zina zakale zosowa zimagulidwa mtengo woposa pamenepo kutalitali. Osonkhanitsawa amafuna nkoloko imene zitsulo zake zonse ndi zomwe inabadwa nazo, yokhala ndi nambala yake ndi mapepala ake. Kwa iwo yakale yofwifwa imaposa yopukutidwa ndi kuikidwa ziwalo zacilendo.

Apa ndi pamene pagona cenjezo. Nkoloko yolembedwa Rolex imene ikugulitsidwa pathebulo pamtengo wa thumba la ufa siingakhale yeniyeni. Zonamizira zotere zimawala bwino m'maso, koma mvula ya m'dzinja, imene imasandutsa njira za ku Kanyama kukhala zithaphwi, imatha kuziulula: nthunzi imaoneka pansi pa galasi, kenaka dzimbiri. Wofuna nkoloko yolimba ya kumunda kapena ya kunsomba angacite bwino kugula Casio kapena Seiko wamba m'sitolo yopereka risiti, kusiyana ndi kulipirira dzina labodza.

Cenjezo lina likupita kwa mabanja amene makolo awo anabwera ndi nkoloko kucokera ku migodi ya ku Copperbelt, ku Wankie kapena ku Joni. Zambiri mwa izo ndi zawamba, koma yakale ya dzina lodziwika siyoyenera kusinthanitsidwa ndi nkhuku mothamanga, ngakhale kuti inaleka kuyenda. Mwini wake aisunge pouma, asalole wokonza nkoloko kutaya ziwalo zake zakale, ndipo afunse mtengo kwa anthu angapo asanaigulitse. Pakuti wogula wofika pakhomo ndi mau okoma kawirikawiri amadziwa cimene mwini katundu sacidziwa.