Pa Facebook ndi "Cute Angel", pa Airtel Money ndi dzina la pa NRC

Tsegulani Facebook manje manje muwerenge maina a anthu amene akukangana za mpira olo za mtengo wa unga. Mupeza ba "King Wa Mu Kanyama", ba "Cute Angel", wina chithunzi chake ndi mkango, wina ndi galimoto ya eni ake. Facebook imati munthu azigwiritsa nchito dzina limene amadziwika nalo tsiku ndi tsiku, koma mu komboni lamulo limenelo lili monga chikwangwani choletsa kutaya zinyalala: onse amachiona, zinyalala zili pansi pake.

Kusintha dzina sitinayambe lero. Yo Maps ndi Elton Mulenga, Slapdee ndi Mwila Musonda, Chef 187 ndi Kondwani Kaira. Olo kumudzi, mayi akabereka dzina lake limapumula, amakhala Amake Uje. Koma woimba amasankha dzina loti limutchukitse. Wa pa foni amasankha loti limubise.

Nanga akubisala kwa ndani? Ambiri akuthawa anthu a pafupi chabe. Mtsikana wa mu kwaya sangafunse za mapiritsi a kulera ndi dzina lake lenileni pamene ba aunt ndi ba deacon onse ali pa Facebook yomweyo. Mnyamata amene wangoyamba kumwa ma ARV ali ndi mafunso ambiri, koma safuna kuti nkhani yake ikhale ya pa pompi mawa m'mawa. Wogulitsa mu shopu ku Kamwala amene malipiro ake achedwa miyezi iwiri, akadandaula ndi dzina lake, pa Mande nchito palibe. Ndipo mwezi ukatha ba landlord samva za ufulu wolankhula, kaili amafuna renti. Anthu otere amanena zoona pokhapokha atavala dzina labodza, ndipo ine sindiona chifukwa chowaweruzira.

Vuto ndi lakuti chovala chomwecho amavalanso ena. Wotukwana akazi a anthu, womwaza zithunzi za chibwenzi chake chakale, ndi uja wolonjeza nchito ku migodi ngati mutumiza K300 ya "fomu", onsewa nawo ndi ba "Blessed Child".

Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Dzina labodza limakubisani kwa neba, koma nambala yanu ikudziwani. Mu Zambia SIM iliyonse iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso monga NRC, malinga ndi malamulo a ZICTA, ndipo akaunti zambiri zimatsegulidwa ndi nambala yomweyo. Mu 2021 kunabwera lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act, ndipo mu Epulo 2025 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri atsopano olowa m'malo mwake. Mabungwe ena anadandaula kuti malamulowa akupatsa boma mphamvu zambiri zofufuza za pa foni za anthu. Kaya muwakonda kaya ai, mlandu ukafika ku polisi amalemba dzina la makolo. Pilato atamangidwa mu 2015 chifukwa cha nyimbo, woimbidwa mlandu anali Fumba Chama.

Koma ambiri sagwidwa ndi apolisi. Amagwidwa ndi ndalama ya bundle. Mwacheza ndi "Cute Angel" miyezi itatu, usiku uliwonse mpaka batire kutha. Tsiku lina ati, "Baby nitumileko K50 chabe." Mulemba nambala pa Airtel Money olo pa MoMo, ndipo musanaike PIN foni ionetsa dzina la mwini SIM. Pa sikirini patuluka dzina la mwamuna, lalitali, la maina atatu. Mukafunsa, yankho limakhala lokonzeka kale: ati SIM ni ya ba uncle.

Nthawi zina ndi ya ba uncle zoona. Nthawi zina amene mwakhala mukucheza naye ndi ba uncle omwewo.