Mapoto a ku Komboni ndi Matebulo a ku Hotela

M'malesitilanti ang'onoang'ono a m'misika ya Chawama, Matero kapena Mtendere mu Lusaka, munthu safunsa mtengo wa nsima. Amafunsa za ndiwo. "Amayi, mwaphika chiyani lero?" Mayi uja amavundukula mapoto limodzilimodzi: nkhuku ya kumudzi, nyama ya ng'ombe, zam'kati, vimbombo, kapenta wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu, nyemba za kabulangeti, nsomba youma yotendera. Chimene mwaloza ndicho chimatchula mtengo. Nsima imangotsatira, pamodzi ndi kandiwo kamasamba, kaya repu, chibwabwa kapena kalembula. Ngati ndinu kasitomala wa masiku onse ndipo mtanda watha ndiwo zikadalipo, simusowa kuyankhula zambiri. "Onjezerani mwanangu, musapite ndi njala," ndipo kamtanda ka mbasela kagwa m'mbale.

Kuchoka ku Kalingalinga kupita ku East Park ndi ulendo wapansi, ndipo Mtendere ndi Kabulonga n'zoyandikana. Koma kadyedwe ka m'mahotela ndi m'malesitilanti a ku East Park ndi ku Kabulonga ndi kena. Kumeneko kuli buffet: mulipira kamodzi, mutenga mbale, mudzigawira nokha, ndipo mubwerera kangapo konse mmene mimba ikufunira. Anthu a m'komboni sakuidziwira patali. Amakumana nayo pa maukwati, pa misonkhano ya mabungwe, pa maphwando a kuntchito otsekera chaka, ndipo ambiri mwa ophika ndi otsuka mbale m'mahotelamo madzulo amakwera minibasi kubwerera ku Kanyama ndi ku George. Tsono banja likasunga kandalama kuti likasangalale tsiku limodzi, funso limabwera: kodi kumene akulonjeza kudya mopanda malire kuja n'koyenera ndalama yathu?

Kadyedwe kameneka kali ndi kwawo. Anthu a ku Sweden ndiwo ankayala tebulo la nsomba, buledi, tchizi ndi nyama zozizira kuti alendo azidzitengera, ndipo dziko linaliona tebulolo pa chionetsero chachikulu cha ku New York mu 1939. Patapita zaka zochepa, hotela ya El Rancho Vegas ku Las Vegas inayamba kugulitsa chakudya chausiku chodzigawira pa dola imodzi yokha. Cholinga sichinali chifundo. Ankafuna kuti otchova juga asatuluke kukafuna chakudya kwina, adye pomwepo n'kubwerera kukataya ndalama. Mu 1958 Imperial Hotel ya ku Tokyo inatengera njirayi, ndipo inafalikira m'Japan monse.

Mwini buffet sachita malonda oluza, ndipo ndi bwino wodya adziwe mmene masamu ake amayendera. Safuna operekera zakudya ambiri, popeza kasitomala amadzitumikira yekha. Amaphika zambiri nthawi imodzi. Poyala tebulo, koyambirira amaika zotchipa zokhutitsa msanga monga mpunga, mbatatesi, makaroni, nsima ndi saladi wa kabichi, kuti pofika kumene kuli nyama mbale ikhale itadzaza kale. Mbale zakenso sizikhala zazikulu. Nyama yodula imakhala kumapeto, kawirikawiri pali wophika ndi mpeni wake amene amakuchekerani kagawo kopyapyala, ndipo ndi ochepa amene sachita manyazi kunena kuti onjezani. Zakumwa nthawi zambiri zimakhala za mtengo wapadera. Mnyamata wodya mbale zinayi amamulipirira ndi agogo amene angolawa kampunga ndi kansomba.

Mayi wa ku msika wa Chawama amawerenganso nyama, koma amawerengera pamaso panu. Nthuli ziwiri ndi ziwiri. Ine ndimakulemekeza kuona mtima kumeneku, chifukwa wosauka amadziwa chimene ndalama yake yagula, ndipo amene ali ndi zochepa lero amatsikira ku nyemba kapena ku kapenta popanda womuyang'ana kawiri. Anthu a ku Brazil ali ndi njira yofanana nayo pang'ono: m'malesitilanti ambiri a masana mumadzigawira zimene mukufuna, kenako mbale amaiika pa sikelo, mulipira kulemera kwake. Wodya pang'ono salipirira mnzake, ndipo palibe amene amaunjika zoti akazisiye. Komweko ku Brazil kulinso malo owotcha nyama kumene anyamata amazungulira matebulo ndi nyama pa zitsulo zazitali, inu muli ndi kachikwangwani kobiriwira mbali ina, kofiira mbali inayo, kouza wochekayo kuti apitirize kapena aleke. Ku Nairobi, lesitilanti ya Carnivore, yomwe inatsegulidwa mu 1980, imachita zofananazo ndi kambendera kamene mumagwetsa mukagonja. Malo otere ali ndi ubwino umodzi umene matebulo ambiri a m'mahotela alibe: nyama imachoka pamoto kubwera m'mbale mwanu.

Mu Lusaka, malo amene amayanjanitsa njira ziwirizi ndi msika wa Matebeto ku Thornpark. Mumasankha nyama kapena nsomba, aiika pamakala inu mukuona, kenako nsima imabwera ndi timbale ta ndiwo zosiyanasiyana: impwa, therere, masamba otendera, nyemba, lumanda. Wa tayi wochokera ku ofesi ndi makaniko wovala ovolosi amadya moyandikana. Munthu wa ku Korea sangadabwe nazo, pakuti kwawonso timbale ta ndiwo zapambali timabwera tambiri ndipo amawonjezera osalipiritsa. Ku Gujarat ku India, operekera amadzazanso tizibakuli ta m'mbale yanu yaikulu mpaka mutaletsa ndi dzanja. M'maiko awiriwa chopanda malire ndi masamba, nyemba ndi chakudya chokhutitsa, pamene nyama ili ndi muyeso wake. Ndi mmenenso makolo athu ankadyera.

Komabe phwando lenileni la mbale zosawerengeka ku komboni silogula. Ndi chilanga mulilo, mwambo wa Abemba umene tsopano Achewa, Ansenga, Atonga ndi Alozi a mu Lusaka anaulandira ngati wawo. Loweruka lililonse la nyengo ya maukwati mungakumane nawo m'misewu ya Matero kapena George: mzere wa amayi atasenza mapoto okulungidwa m'zitenje, ng'oma ikulira, nthungululu zili pakamwa, akupita kwa mkamwini. Aphika kuyambira usiku. Muli nkhuku zathunthu, nsomba zouma ndi zaziwisi, chikanda, vinkubala, bowa, chinangwa, mbatata, maungu, mtedza, munkoyo, ndi nsima yaikulu imene mkwatibwi mwiniyo wagwirako mthiko. Alangizi amavundukula mbale iliyonse n'kumufotokozera mkamwini kuti ichi n'chiyani, chimadyedwa bwanji kwawo kwa mkazi wake. Tanthauzo lake ndi lakuti kuyambira lero ali ndi ufulu wodya za pamoto wa apongozi ake. Mwambo wa matebeto umabwera pambuyo, banja litakhalitsa, pothokoza mwamuna amene wasunga bwino mwana wa eni.

Pamwambo umenewu kuchuluka kwa chakudya ndi ulemu, ndipo palibe chimene chimapita kudzala. Mkamwini amalawa, abale ndi anzake amadya, otsala amanyamula m'makontena, ana a oyandikana nawo amapeza gawo lawo. Ku buffet kunyamula n'koletsedwa, ndipo zimene munthu waunjika chifukwa cha dyera n'kuzilephera zimakathera m'bini. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ku China kutaya chakudya kunafika poti boma linakhazikitsa lamulo mu 2021 lolola malesitilanti kulipiritsa kasitomala wosiya zambiri m'mbale. Ifenso tili ndi pathu potidetsa nkhawa. Chilanga mulilo masiku ano chikusanduka mpikisano wa zithunzi za pa Facebook, ndipo mabanja ena akulowa kaloba kuti mapoto achuluke kuposa a mwana wa aneba. Mwambo wolumikiza mabanja suyenera kusiya amayi a mkwatibwi akuthawa angongole.

Nanga posankha kodyera, munthu ayang'ane chiyani? Osati kuchuluka kwa mapoto. Anthu a ku Kanyama amadziwa mtengo wa chakudya chosasamalika kuposa wina aliyense. Kolera imene inabuka mu Okutobala 2017 inakantha kwambiri komboni ya Chipata ndi Kanyama, mpaka mu Januwale 2018 boma linaletsa malonda a m'misewu, asilikali n'kulowa m'tauni kukayeretsa. Inabweranso mu 2023 ndi 2024, ndipo inagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lonse, National Heroes Stadium n'kusanduka chipatala, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Kanyama anamangidwa pamiyala imene madzi amadutsamo mosavuta, kotero mvula ikagwa, za m'zimbudzi zokumba zimakumana ndi madzi a m'zitsime zosazama. N'chifukwa chake funso loyamba m'lesitilanti ya m'komboni ndi la madzi. Kodi akutunga pampopi kapena pachitsime? Kodi posamba m'manja akukuthirirani ndi jagi, sopo ali pomwepo, kapena nonse mukuviika m'beseni limodzi? Mbale akutsukira m'madzi otani?

Chachiwiri ndi moto, ndipo apa mbaula ya ku komboni nthawi zambiri imaposa ziwiya zonyezimira za ku hotela. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, chotentha chisungidwe pamwamba pa madigiri 60, chozizira pansi pa madigiri 5. Nsima yoomoledwa pomwepo ndi ndiwo zobwadamuka pamakala zimakwanitsa lamuloli popanda woyeza. Mpunga wofunda chabe umene wakhala m'chiwiya kuyambira m'mawa, kamoto kapansi katazima, ndi woopsa ngakhale tebulo likhale loyalidwa nsalu yoyera. Chimodzimodzi saladi wa mayonezi wosaikidwa pa ayezi, ndi chipande chimodzi chimene manja a anthu onse agwirapo. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse m'madera ambiri a Lusaka, ndipo aliyense anaphunzira kuti firiji yozima sisunga nyama. Mayi wogula nkhuku yamoyo m'mawa ku Soweto Market, n'kuipha, n'kuimaliza masana omwewo, analibe nkhawa imeneyo.

Chachitatu ndi anthu amene akudya pamenepo. Kumene kuli khamu, poto amatha msanga ndipo wina amaterekedwa. Madalaivala a minibasi ndi makondakitala amadziwa kumene mtanda ndi waukulu, koma ine ndimakhulupirira kwambiri amayi ogulitsa mumsika momwemo. Iwo amaona m'mawa uliwonse amene wagula tomato wabwino ndi amene watola wophwanyika, amene amasintha mafuta okazingira ndi amene amawabwereza mpaka ade. Kumene iwo amatuma mwana ndi mbale masana, pitani kumeneko.

Kwa banja la ku George kapena ku Kalingalinga limene mwana wawo wamaliza maphunziro ku yunivesite ya UNZA ndipo likufuna kukalawa za ku hotela, palibe cholakwa, ndipo mwanayo wayenera ulemu umenewo. Afunsiretu ngati mtengowo ukuphatikiza zakumwa ndiponso ngati ana amalipira theka. Afike tebulo likungotsegulidwa kumene, osati 3 koloko masana. Ayambe alizungulira lonse manja ali opanda mbale, asankhe zimene kunyumba saphika, makamaka zimene wophika akukonza iwo akuona, ndipo atenge pang'onopang'ono popeza kubwerera n'kololedwa. Koma ngati m'gulumo ochuluka ndi agogo ndi ana, ndalama yomweyo ingagule nkhuku zakumudzi zingapo, nsomba za ku Kafue, thumba la makala ndi kreti ya zakumwa, ndipo adzadya ndi a nyumba zoyandikana nazo zomwe.