Za Kuotha Moto m'Nyumba Yotseka

Mudzi wa Ngala uli m'mphepete mwa nyanja, kumpoto kwa Dwangwa, m'boma la Nkhotakota. Ndi dziko lotentha, koma m'miyezi ya June ndi July, pamene mwera uomba usiku wonse, anthu amamva cisanu, makamaka asodzi amene afika kwao zobvala zitanyowa. Pamenepo mbaula ya makala imalowetsedwa m'nyumba, citseko nicitsekedwa, ndipo banja lonse ligona. Mphunzitsi ali yense ayenera kuzindikira kuopsya kwa cizolowezi cimeneci, pakuti caphetsa anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana.

Moto uli wonse umadya mpweya monga momwe acitira munthu. Mwa magawo 100 a mpweya umene anthu apuma, magawo 21 okha ndiwo oksijeni, amene ayatsa moto ndi kusunga moyo. M'cipinda cotseka oksijeni amacepa, ndipo makala amacurukitsa mpweya wina wochedwa carbon monoxide. Mpweyawu ulibe pfungo, suoneka ndi maso, ndipo sutsokomoletsa.

Apa ndi pamene mau akuti "utsi" amasokeretsa. Utsi umaoneka, umalowa m'maso, nucenjeza munthu kuti aturuke. Cotero ambiri amayesa kuti makala akafiira psuu, utsi utatha, ngozi yathanso. Si momwemo ai. Makala ofiira amaturutsabe mpweya wakupha uja, ngakhale pambali pace paikidwe beseni la madzi. Ncifukwa cace mphunzitsi asauche utsi pophunzitsa, koma anene kuti "mpweya wa makala", kuti ana asiyanitse zinthu ziwirizi.

M'caka ca 1857 Claude Bernard wa ku France anafotokoza za nchito ya mpweyawu m'thupi. M'mwazi muli cinthu cofiira cimene cinyamula oksijeni kucokera m'mapapo kunka ku ziwalo zonse. Carbon monoxide amakangamira ku cinthuco mwamphamvu yoposa ya oksijeni nthawi 200, kotero kuti bongo ndi mtima zimasowa cakudya cao. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire, mseru ndi kufoka. Kunyanja, kumene malungo ndi nthenda ya masiku onse, zizindikirozi zimanyenga msanga. Koma ngati onse ogona m'cipinda cimodzi adwala mutu nthawi imodzi, napeza bwino ataturuka panja, mlandu uli ndi mbaula. Wogona tulo sazimva konse zizindikirozi, ndipo angathe kutsirizika osadzuka.

Nyumba yaudzu imapitisa mpweya kudenga ndi m'mipata ya citseko, ngakhale kuti imapsya msanga. Nyumba ya njerwa, ya mazenera agalasi ndi citseko cothina, imasunga mpweya wonse m'kati. Motero pa nkhani imeneyi nyumba yamakono ndiyo yoopsya koposa.

Anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja amapita ku Johannesburg kukagwira nchito, kumene cisanu ncoposa ca kuno. Kumeneko amapeza mbaula za parafini ndi za gasi, zina zokhomera pa khoma. Lamulo lace ndi lomwelo. Mbaula ya gasi iyenera kukhomedwa ndi mmisiri wodziwa, ndipo cibowo cace copitira mpweya cisatsekedwe ndi nsanza. Lawi labwino la gasi ndi lobiriwira ngati thambo. Likakhala lacikasu, nilidetsa khoma ndi mwaye, mbaulayo izimitsidwe kufikira itakonzedwa. Gasi wa m'silinda amaikidwa pfungo dala kuti adziwike akamatayika, ndipo popeza ngwolemera kuposa mpweya, amakhala pansi. Womva pfungolo atseke silinda, atsegule zitseko, ndipo asayatse macesi kapena kukhudza swici ya magetsi.

Palinso ngozi ya moto weni weni. Zobvala zoyanika, masikito ndi maukonde a nailoni zikhale kutali ndi mbaula, mita imodzi kapena kuposa. Petulo wa injini ya bwato asasungidwe m'nyumba yootheramo moto, ndipo mwana wokwawa asasiyidwe yekha pa mbaula.

Munthu akapezeka atakomoka, atsegule zitseko ndi mazenera, amturutsire panja, amgoneke cammbali, ndi kuthamangira naye ku cipatala, ngakhale atatsitsimuka. Wopsya athiridwe madzi ozizira kwa mphindi 20, osati mazira kapena mafuta.

Phunziroli silifuna zipangizo za mtengo wapatali. Mphunzitsi ayatse kandulo pamaso pa ana, naibvundikire ndi botolo lagalasi la kukamwa kwakukuru. Lawi lidzacepa, kenaka lidzazima. Pamenepo awafunse ana cimene cazimitsa lawilo, ndi cimene cingacitike kwa munthu wogona m'cipinda cotseka pamodzi ndi mbaula. Anawo apite kwao ndi lamulo limodzi: poothera moto zenera likhale lotsegula, ndipo mbaula ituruke panja anthu asanagone.