Kucotsa Giza Yakutha ndi Kuika Yatsopano

Madzi ambiri a m'Lusaka acokera pansi pa thanthwe la laimu. Laimuyo amakanirira m'kati mwa giza, napsereza citsulo cotenthetsa madzi. Ndipo thanki ikayamba kudontha, ngakhale amisiri owocerera a m'Kalingalinga sangaicize kweni-kweni.

Woisintha ayambe wazima magetsi pa bokosi lalikulu ndi kutseka mpope. Pamenepo akhuthule madzi onse, pakuti giza ya malita 150 yodzala ilemera koposa matumba atatu a simenti.

Atamanga yatsopano, aidzaze kufikira mpope wa madzi otentha utaleka kutsokomola mpweya. Apa mpofunika kudekha, popeza m'makomboni madzi amathawa-thawa. Akayatsa magetsi thanki iri youma, citsulo catsopanoco cipsa pomwepo.